Ulendo wa pa Njinga m'Cigwa ca Luangwa

Munthu akaima pa mapiri a ku Chipata m'mawa, nayang'ana kumpoto ca kumadzulo, aona dziko lili kutsetsereka pang'onopang'ono kufikira lizimirira m'nkhungu. Kumunsi kumeneko ndiko ku Malambo, cigwa cacikuru ca mtsinje wa Luangwa. Miseu ya phula ya kumeneko ndi yowerengeka. Njira zambiri ndi za dothi, za mcenga ndi za nsangalabwi, ndipo cimene cimayendamo koposa zonse ndico njinga. Aphunzitsi, alimi a thonje, ogulitsa nsomba ndi ana a sukulu onse amachova njinga. Masiku ano kumafikanso alendo ocokera kutali, amene amayenda m'miseu yomweyo pofuna kuona dziko. Onsewa njira iwafunsa zinthu zofanana: kudziwa nyengo, kudziwa nthaka, ndi kulemekeza nyama za m'thengo.

Mtsinje ndi cigwa cace

Luangwa ucokera ku mapiri a Mafinga, kufupi ndi malire a Zambia ndi Malawi, nuyenda makilomita oposa 700 kufikira utathira mu Zambezi pa boma la Luangwa, limene kale linali kuchedwa Feira. Cigwa cace sicinakumbidwe ndi madzi okha ai. Kalekale nthaka inang'ambika, ndipo dziko la pakati pa ming'aluyo linatitimira, la m'mbali ndi kutsala pamwamba. Cifukwa cace kumadzulo kwa mtsinje kuli mapiri a Muchinga, oimirira ngati khoma, ndipo kum'mawa kuli zitunda zambirimbiri zotsika motsatana. M'miyala ya kumtunda kwa cigwaci akatswiri apeza mafupa a nyama zimene zinali ndi moyo zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo.

Chipata ali pamwamba pa nyanja yamcere ndi mamita oposa 1,000, koma Mfuwe, m'mphepete mwa mtsinje, ali pamwamba ndi mamita oposa 500 pang'ono cabe. Mpweya wa pamalo otsika umatentha koposa wa pamapiri. Cotero munthu amene anyamuka ku Chipata atabvala juzi afika ku Malambo thukuta lili kamukamu. Ndiponso ulendo wopita kucigwa ndi wotsika, koma wobwerera ndi wokwera, ndipo wanzeru amawerengera masiku ace poganizira zitunda za pobwerera.

Wokwera njinga akhoza kudziwa pamene wafika poyang'ana mitengo. Pamwamba pali nkhalango za mombo ndi misuku, pa nthaka yofiira ndi yolimba. M'makwawa a pakati pa mapiri muli nsungwi. Akatsika ndithu apeza mitengo ya tsanya, imene ena amati mupani, ndi milambe yaikuru mimba. Tsanya amakonda dothi la dongo, ndipo dzuwa likakula masamba ace amapindana, kotero kuti pansi pace sipakhala mthunzi wokwanira. Kufupi ndi mtsinje ndiko kuli mithunzi yabwino ya mcenja, msikidzi, bwemba, mvunguti ndi msangu. Msangu uli ndi khalidwe lacilendo, pakuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja, nuphukira m'cilimwe pamene mitengo yina yauma.

Njinga yoyenera miseu ya miyala

Njinga ya magudumu awiri olingana ndi cheni inapangidwa ku England ndi John Kemp Starley m'caka ca 1885, ndipo matayala opopa mpweya anafalitsidwa ndi John Boyd Dunlop kuyambira 1888. Pa nthawi imeneyo miseu yambiri ya kumidzi, ngakhale ku Ulaya, inalibe phula. Conco njinga inayamba moyo wace m'miseu ya miyala. Ku dera la kum'mawa kwa Zambia njinga inazika mizu kwambiri, kotero kuti mu Chipata munali fakitale ya Luangwa Industries imene inali kupanga njinga zochedwa Eagle.

Njinga zimene zimaoneka ku Malambo ndi za mitundu itatu. Yoyamba ndiyo njinga yakuda yodziwika m'midzi yonse, ya giya imodzi ndi keliyala yolimba. Ndi yolemera, ndipo pa citunda mwini wace amatsika ndi kuikankha, koma ikaonongeka zitsulo zace zipezeka pa msika uli wonse. Mwa mtundu womwewu muli njinga za Buffalo, zimene keliyala yace inapangidwira kusenza makilogalamu 100. Yaciwiri ndiyo njinga ya m'mapiri, ya matayala onenepa ndi magiya ambiri. Yacitatu ndiyo yatsopano, yopangidwira miseu ya nsangalabwi. Iyo ndi yopepuka, mahandulo ace ndi okhotera pansi, ndipo matayala ace ndi apakati, osaonda ngati a njinga za mpikisano, osanenepanso ngati a m'mapiri. Imathamanga bwino, koma citsulo cace cikathyoka pakati pa thengo, mwini wace adzacisowa m'magolosale a m'midzi.

Mseu wa dothi uli ndi mabvuto anai. Loyamba ndilo timizere topingasa, tonga malata, timene magalimoto amasiya. Pamenepo njinga imanjenjemera, manati namasuka, ndipo ndi bwino kuyenda m'mphepete, m'kanjira kosalala kamene njinga zina zapondaponda. Laciwiri ndilo mcenga wa m'mitsinje youma. Tayala lopopedwa kwambiri limamira mu mcenga, koma lophwetsedwa pang'ono limatambasuka ndi kuyenda pamwamba. Komatu likaphwa mopitirira, chubu cimapanika pakati pa mwala ndi limu, nicibooka mabowo awiri onga mano a njoka. Lacitatu ndilo makande, dothi lakuda lija. Mvula ikagwa limamatirira ku matayala kufikira gudumu lileka kuzungulira, ndipo likauma limasunga mapazi a njobvu ndi a mvuu olimba ngati njerwa. Lacinai ndilo mtsetse wa miyala yosakhazikika. Potsika pamenepo wokwera agwire mabuleki onse awiri pang'onopang'ono, nakhale cakumbuyo pa cishalo, pakuti akagwira buleki ya kutsogolo yokha gudumu literera, iye nagwa camutu. Amene wasenza katundu wolemera acita bwino kutsika ndi kuyenda pansi.

Pa ulendo wotere munthu asaiwale pampu, zigamba ndi guluu wace, chubu capadera, masipanala, mafuta a cheni ndi masipoko owerengeka. Minga ya mthethe iri ponseponse m'cigwa, ndipo tayala likhoza kubooka kangapo tsiku limodzi. Pfumbi losanganizika ndi mafuta limadya cheni, cotero madzulo ali onse cheni apukutidwe, nathiridwe mafuta pang'ono.

Njira zotsikira ku Malambo

Njira yodziwika koposa ndiyo yocokera ku Chipata kudzera kwa Jumbe kufika ku Mfuwe, mtunda wa makilomita oposa 100. Kale unali mseu wa miyala wosautsa kwambiri, koma tsopano uli ndi phula, ndipo wochova wamphamvu akalawira akhoza kufika tsiku lomwelo. Ofuna miseu ya dothi amasankha njira zina.

Yina icokera ku Katete kulowera kumpoto kufika kwa Msoro, kufupi ndi mtsinje wa Lupande. Njira imeneyi imadutsa minda ndi midzi ya Acewa, kenaka nitsika pakati pa mapiri a nkhalango kulowa m'dziko la Akunda. Kwa Msoro kuli mishoni ya Anglican imene inayambidwa ndi Leonard Kamungu, wansembe wa Cinyanja wocokera ku nyanja ya Malawi, amene anamwalira komweko m'caka ca 1913. Kucokera pamenepo njira zitsata Lupande kulinga ku Masumba ndi ku Mfuwe, kumene mtsinjewo uthira mu Luangwa.

Njira yobvuta koposa, imenenso iri yokongola koposa, ndiyo mseu wakale wa Petauke. Uwu ucokera ku boma la Petauke, m'dziko la Ansenga, nudzera ca ku Ukwimi, kumene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anakhalako zaka zingapo. Ukapitirira dziko la mfumu Sandwe umakwera ndi kutsika zitunda za miyala, nufika kwa mfumu Malama, ndipo kucokera pamenepo utsata Luangwa kufikira ku Mfuwe. Mtunda wace upitirira makilomita 150, ndipo pa njinga ndi ulendo wa masiku awiri kapena atatu. Pali madera atali opanda mudzi kapena citsime, ndipo mitsinje yina iribe milatho. Pa dzinja mseu umenewu umatsekeka ndi madzi ndi matope.

Kumwera, mseu waukuru wocokera ku Lusaka umakhotakhota m'mapiri a Manenekela usanafike pa mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa m'caka ca 1968. Pafupi ndi mlathowo pali msika wa nsomba zouma, madengu ndi mphasa. Pamenepo papatuka mseu wotsata mtsinje kufika ku Feira, kumene maiko atatu ayang'anana: Zambia, Mozambique pa Zumbo, ndi Zimbabwe pa Kanyemba. Kufupi ndi malo amenewa ndiko kumene Angoni a Zwangendaba anaolokera Zambezi m'caka ca 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa ndi kadamsana.

Zooneka m'njira

Luangwa ndi mtsinje wosakhazikika. Caka ndi caka madzi osefukira amagumula gombe la kunja kwa pokhota, nasiya mcenga ku gombe la m'kati. Pokhotapo pakakula kwambiri mtsinje umadula njira yacidule, ndipo khwawa lakale limasanduka thamanda lopindika ngati uta. M'mathamanda amenewa ndimo nyama zimamwa m'cilimwe. Mtsinjewu sunatsekedwe ndi damu lalikuru. Panali maganizo omanga damu pa Ndevu Gorge, koma boma linawaleka m'caka ca 2019.

Kutsidya kwa mtsinje kuli nkhalango yotetezedwa ya South Luangwa, ya makilomita 9,050 m'bwalo lace lonse. Inapatulidwa kukhala malo osungira nyama m'caka ca 1938, nikhala paki m'caka ca 1972. M'caka ca 1950 Norman Carr anapangana ndi mfumu Nsefu ya Akunda kuti apatule gawo la dziko lace, alendo adziona nyama, ndalama zace zithandize anthu a mfumuyo. Carr yemweyo ndiye anachukitsa maulendo oona nyama poyenda pansi. M'kati mwa paki munthu sayenda mwa iye yekha. Amalowa pa cipata ndi cilolezo, natsata malamulo a oyang'anira nyama. Koma nyama sizidziwa malire, ndipo wokwera njinga pa mseu wa kwa Malama amaziona ali kunja kwa paki.

Aona nswala, mbidzi, ngoma, anyani, njati ndi njobvu. Akacita mwai aona nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi koma m'cigwa cimeneci. Mu mtsinje muli mvuu zambiri ndi ng'ona zoothera dzuwa pa mcenga. Pa nsonga za mitengo pamalira nkhwazi, mbalame imene iri pa mbendera ya Zambia. M'miyezi ya September ndi October afulagombe ofiira amabwera m'magulu akuru, nakumba mauna ao m'magombe a mtsinje, kotero kuti gombe lonse limaoneka ngati layaka moto.

Nyama imodzi sadzaiona, ndiyo cipembere. Kale zipembere zinali zambiri m'cigwa muno, koma opha nyama mwakuba anazitha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 cifukwa ca nyanga zace, ndipo m'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti zatheratu m'Zambia. M'caka ca 2003 zina zinabwera nazo kucokera ku South Africa, naziika ku North Luangwa, kumene zimalonderedwa usana ndi usiku.

Nyengo, madzi ndi zirombo

Nthawi yabwino ya ulendo ndiyo kuyambira June kufikira August, pamene matope auma, mitsinje yaing'ono yaphwa, ndipo kunja kuli kozizira. Mu October kutentha kumapitirira madigiri 40. Pa nthawi yotere munthu wochova amataya madzi ambiri m'thukuta, ndipo akapanda kumwa amayamba kumva mutu ndi cizungulire, kenaka nakomoka. Cifukwa cace anthu a ku Malambo amanyamuka kutangoyera, napuma pa mthunzi dzuwa likafika pa liwombo. Madzi atungidwe pa mjigo, ndipo a m'thamanda ayambe awiritsidwa. Kuyambira December kufikira April ndi nyengo ya mvula, ndipo njira zambiri za dothi sizipitika.

M'nkhalango za tsanya muli kashembe, nchenche yoluma imene nthawi zina imapatsa matenda a kaodzera. Imatsata zinthu zoyenda, ndipo imakopeka ndi nsaru zakuda ndi zabuluu, cotero zobvala zotuwa za manja atali ndizo zoyenera. Usiku kuli udzudzu wa malungo, ndipo mlendo agone m'neti.

Koma coopsa cacikuru pa mseu ndiyo njobvu. Njinga imayenda mwakacetecete, ndipo wokwera akhoza kutulukira pakati pa gulu la njobvu pa mphindi ya njira, iye osadziwa, izonso osadziwa. Njobvu siona patali, koma imamva pfungo ndi phokoso kwambiri, ndipo yaikazi yokhala ndi mwana siicedwa kukwiya. Pa mcenga kapena pa makande njinga singathe kuithawa. Amene aona ndowe zaziwisi kapena nthambi zothyoka catsopano acepetse liwiro, nayang'ane uku ndi uku. Akaziona njobvuzo aime patali, abwerere m'mbuyo mosacita phokoso, nadikire kufikira zitapita, ngakhale ola lathunthu. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzulo njobvu zimaoloka mtsinje kukadya m'midzi, makamaka mango akapsa, nizibwerera m'bandakuca. Mvuu nazonso zimatuluka usiku kukadya msipu, ndipo munthu asaime pakati pa mvuu ndi madzi. Conco usiku si nthawi yoyenda pa njinga. Pooloka mtsinje wa madzi afunse eni dziko pamene pali dooko lopanda ng'ona.

Anthu a ku Malambo amakhala ndi zirombo zimenezi masiku onse. Njobvu zikhoza kutha munda wa cimanga usiku umodzi, ndipo alimi amagona m'misasa kulondera, ena nachinga minda yao ndi zingwe zopaka tsabola. Iwo ndiwo adziwa kumene gulu lagona ndi kumene mlatho wagumuka. Mlendo akafika pa mudzi atsike pa njinga, apereke moni mwaulemu, ndipo akafuna kugona akaonekere kwa mfumu ya mudzi. Asananyamuke afunse za njira, pakuti safunsa anadya phula.

Nkhalango za pa zitunda zija zili kucepa cifukwa ca makala ndi minda yatsopano, ndipo matumba ambiri a makala amapita ku matauni pa njinga zomwezo. Mitengo ikatha pa phiri, mvula imakokolola dothi, nikumba zigwembe m'miseu, nidzaza mitsinje ndi mcenga. Pamenepo mseu ubvuta, zitsime ziphwa msanga, ndipo woyenda asowa mthunzi wopumirapo. Woyenda pa njinga amaona zimenezi bwino koposa wa pa galimoto, cifukwa citunda ciri conse amacimva m'miyendo yace, ndipo mtengo uli wonse wa mthunzi amaukumbukira pamene uli.

Mafunso

1. Kodi cigwa ca Luangwa cinapangika bwanji, ndipo cifukwa ninji ku Malambo kumatentha koposa ku Chipata?
2. Chulani mitengo itatu ya pa zitunda ndi m'makwawa, ndi itatu ya m'mphepete mwa mtsinje.
3. Cifukwa ninji tayala lophwetsedwa pang'ono liyenda bwino pa mcenga? Nanga likaphwa kwambiri cicitika n'ciani?
4. Fotokozani m'mene thamanda lopindika ngati uta limapangikira.
5. Kodi wokwera njinga acite ciani akapeza njobvu pa mseu?
6. Tanthauzirani mwambi wakuti "safunsa anadya phula" monga wagwiritsidwira nchito m'nkhaniyi.

Zocita

Jambulani mapu a mtsinje wa Luangwa, muikepo Mafinga, Mfuwe, Chipata, Katete, Petauke ndi Feira, ndipo mulembe mizere ya njira zimene zachulidwa. Pambuyo pace lembani za njira yocokera kwanu kufika ku sukulu: nthaka yace, mitengo yace, ndi malo amene amabvuta pa dzinja.